Mawu asanu osakwanira: mbiri ya gong, shang, jue, zhi ndi yu

Munthu akamaimba mosemphana ndi anzake, ife timangoti akuphonya chuni, kapena wina amamunong'oneza kuti atsitseko mawu pang'ono. Ku China amati wuyin bu quan: mawu ake asanu ndi osakwanira. Ndi kanenedwe ka tsiku ndi tsiku, kotonzera mnzako ku karaoke kapena kodzichepetsera ukapatsidwa maiki, ndipo ambiri okanena saima n'komwe kuti afunse kuti asanuwo ndi ati. Koma alipo, ndipo ali ndi mayina: gong, shang, jue, zhi ndi yu. Liwu loti yin likufanana ndi "mawu" athuwa, chifukwa limagwira pa kuimba ndi pa kuyankhula pomwe. Musaiwale zimenezo, tizifuna kutsogoloku.

Chimene chimandikopa pa mayina asanuwa n'chakuti akhala akulembedwa kwa zaka zoposa 2,400, pamene zinthu zimene amaloza zakhala zikusendera uku ndi uku. Mikangano yambiri ya akatswiri a nyimbo a ku China, mukaifukula bwino, mupeza kuti inali ya mawu kuposa ya makutu.

Msampha woyamba uli pa kuwerenga kwenikweniko. Zilembo zake ndi izi: 宫 商 角 徵 羽. Chilichonse chili ndi ntchito ina kunja kwa nyimbo. Choyamba ndi nyumba yachifumu, chachiwiri ndi malonda komanso dzina la ufumu wakale wa Shang, chomaliza ndi nthenga. Zitatuzi sizivuta. Koma 角 ndi nyanga, ndipo mumsika amachiwerenga kuti jiao. Ngakhale kandalama kaja, gawo limodzi mwa magawo 10 a yuan, ndi jiao. Chikakhala dzina la noti, muziti jue. Nacho 徵 nthawi zonse chimawerengedwa zheng, kutanthauza kuitana munthu, kulemba asilikali kapena kutolera msonkho, koma m'nyimbo ndi zhi. Boma la China litayamba kuchepetsa mizere ya zilembo m'zaka za m'ma 1950, zheng anapatsidwa chilembo chosavuta, 征. Mndandanda wa 1964 unaika kachenjezo m'munsi mwa tsamba koti chilembochi chikakhala dzina la noti chiziwerengedwa zhi ndipo chisachepetsedwe. Chinapulumuka ndi mizere yake yonse chifukwa cha nyimbo.

Nanga manotiwa amamveka bwanji? Ngati muli ndi kiyibodi pafupi, asiyeni makiyi oyera. Makiyi akuda amakhala m'magulu, atatu kenaka awiri. Dinani woyamba wa atatuwo, ameneyo ndi gong. Otsatira awiri ndi shang ndi jue. Gulu la awiri lija ndi zhi ndi yu. Amene munaimbako kwaya mwazindikira kale kuti ndi do, re, mi, so, la, popanda fa ndi ti. Ndipo kufananaku sikuthera pamenepo. Mukudziwa kuti do wa kwaya sakhala malo amodzi: wotsogolera akati lero tiyambira pa F, do ndi F, mawa akakweza, do wasamuka ndi banja lake lonse. Gong nayenso ndi choncho. Ndi udindo, osati malo. Malo okhazikika anali ndi mayina akeake okwana 12, otchedwa lü, ndipo loyamba mwa iwo ndi huangzhong, "belu lachikasu". Buku la miyambo la Liji limanena kuti malo amenewa amasinthana pokhala gong.

Tsono nyimbo iliyonse ili ndi kwawo. Imayendayenda, n'kumabwerera pa noti imodzi, ndipo pamapeto imakagona pomwepo. Ambirife tinazolowera kuti kwawo kwa nyimbo ndi pa do, mwina pa la ikakhala yachisoni. Mwambo wa ku China umalola aliyense mwa asanuwa kukhala mwini mudzi. Manoti ndi omwewo, koma nyimbo yogona pa shang imamveka mosiyana ndi yogona pa yu, chifukwa mipata iwiri ikuluikulu, pamene pasowa fa ndi ti, imagwera malo ena mukawerenga kuchokera kwawoko. Molihua, nyimbo ya duwa ija imene John Barrow anaisindikiza m'buku lake la 1804 ndipo Puccini anailowetsa mu Turandot, imathera pa so, ndiye kuti ndi ya zhi. Wozolowera nyimbo za m'buku la kutchalitchi amadikira noti ina yoti itsekere, osadziwa kuti nyimboyo yafika kale kwawo.

Zimenezi m'Chitchaina amazitcha diao, ndipo apa ndi pamene mutu umayamba kuwawa. Diao ndi kwawo kwa nyimbo monga tafotokozeramu. Diao ndi kiyi, kutanthauza malo amene gong wakhala. Diao ndi chuni chenichenicho. Diao ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu poyankhula. Chilembo chomwecho mukachiwerenga kuti tiao, chikutanthauza kutchuna chida choimbira. Liwu limodzi kusenza katundu yenseyo!

Masamu ake ndi osavuta, ndipo n'zoseketsa kuti malongosoledwe ake otchuka ali m'mutu wonena za mitundu ya dothi ndi kuya kwa madzi, wotchedwa Diyuan, m'buku la Guanzi. Bukuli lili ndi dzina la nduna Guan Zhong, amene anamwalira mu 645 BC, koma linasonkhanitsidwa patapita zaka mazana angapo. Njira yake ndi sanfen sunyi: gawani patatu, kenaka chotsani kapena onjezani gawo limodzi. Tiyerekeze ndi chingwe chotalika 81. Ameneyo ndi gong. Onjezani gawo limodzi mwa atatu, 27, mupeza 108: zhi. Pa 108 chotsani 36, patsala 72: shang. Onjezani 24, mupeza 96: yu. Chotsani 32, patsala 64: jue. Basi, mwafika, chifukwa 64 sagawika patatu popanda zotsalira. Ena amaona ngati chilengedwe chenicheni chalamula kuti manoti akhale asanu. Ine sindikuvomereza. 81 ndi 3 × 3 × 3 × 3, ndiye amagawika patatu kanayi kokha. Amene anasankha nambalayi ankadziwa kale kuti akufuna asanu. Umboni wake ndi wakuti atafuna malo onse 12, akatswiri a nthawi ya Han anangoyambira pa nambala yaikulu, 177,147, imene imagawika patatu ka 11.

Sima Qian, polemba Shiji cha m'ma 100 BC, anayamba ndi kuchotsa m'malo moonjezera, n'kupeza 81, 54, 72, 48, 64. Manoti ndi omwewo, koma mzere wasintha. Kwa iye chingwe chachitali koposa ndi cha gong, choncho gong ali pansi pa onse. Mu Guanzi wapansi ndi zhi, ndipo gong ali pakati. Buku la Guoyu, posimba zimene katswiri wa nyimbo Zhoujiu analangiza Mfumu Jing ya Zhou mu 522 BC, limaika gong kukhala malire a mawu aakulu ndipo yu malire a mawu opyapyala. Apa Mchewa sasokonezeka, pakuti ifenso besi timati ali ndi mawu aakulu, mwana ali ndi mawu aang'ono. Za "kukwera" ndi "kutsika" zimamveka za m'kalasi. Guanzi yemweyo amayerekeza manotiwa ndi nyama: gong ndi ng'ombe yolira m'dzenje, shang nkhosa yosochera, jue nkhwali ya m'tchire yolira pamtengo, zhi nkhumba yodzidzimuka poinyamula, yu kavalo kudambo. Musayese kutchuna gitala ndi malangizo amenewo.

Kwa nthawi yaitali, zambiri zimene anthu ankadziwa za nyimbo zakale za ku China zinali zochokera m'mabuku ngati amenewa. Ndiye mu 1978 akatswiri ofukula zakale anatsegula manda ku Leigudun, pafupi ndi Suizhou m'chigawo cha Hubei. Anali manda a Yi, wolamulira kadziko ka Zeng. M'katimo anapeza mabelu a mkuwa 65 akadali pa mitanda yake ya mizere itatu, lalikulu koposa lolemera makilogalamu oposa 200. Limodzi linali mphatso yochokera kwa mfumu ya Chu, ndipo chaka cholembedwapo ndi 433 BC. Lero ali ku nyumba yosungira zakale ya Hubei mumzinda wa Wuhan. Pakamwa pa mabeluwa si pozungulira ngati pa belu la kusukulu. Ndi pophwatalala, pokhala ndi nsonga ziwiri. Chifukwa cha kapangidwe kameneka belu lililonse limatulutsa manoti awiri: ina mukamenya pakati, ina mukamenya chakumbali. Onse pamodzi amayenda kuchokera pa do kufika pa do wina kasanu, ndipo chapakatipo manoti onse 12 alipo, ngati kiyibodi yathunthu.

Pamenepo nkhani yoti "Matchaina ankadziwa manoti asanu okha" inathera pomwepo. Koma kwa ife okonda mawu, chuma chenicheni ndi zolembedwa pa mabeluwo, zilembo pafupifupi 2,800, zambiri zokutidwa ndi golide. Malo aliwonse omenya ali ndi dzina la noti yake. Ndipo kapangidwe ka mayinawo n'kodabwitsa: masinde ake ndi anayi, osati asanu. Pali gong, shang, zhi ndi yu. Mukaphatikiza jue kumapeto kwa tsinde, mwakwera makiyi anayi, kuwerenga oyera ndi akuda omwe: gongjue, shangjue, zhijue, yujue. Mukaphatikiza zeng, mwakwera makiyi ena anayi: gongzeng, shangzeng ndi anzake. Masinde anayi, maonekedwe atatu pa tsinde lililonse, manoti 12, palibe yotsala kapena yobwereza. Zikundikumbutsa mmene timachitira ndi aneni: mang-a, mang-its-a, mang-idw-a. Jue amapezekanso payekha pa mabeluwo, inde, koma ntchito yake yoonekera kwambiri ndi ya mphatikiri. Amene mabuku a pambuyo pake anamupatsa mpando wofanana ndi anzake anayi, ku Zeng anali ngati kachidutswa ka galamala.

Pali chinanso. Zolembedwazo zimatchula dzina la malo ena ku Zeng, kenaka n'kunena kuti ku Chu amawatcha chakuti, ku Jin chakuti, ku Qi chakuti, ku Zhou chakuti. Ndi kadikishonale ka zinenero za akatswiri, kosulidwa mu mkuwa. Zikuonetsa kuti m'zaka za m'ma 400 BC dziko lililonse linali ndi mayina akeake, ndipo mndandanda umodzi wa huangzhong ndi anzake umene mabuku anatisiyira ndi wa amene anapambana.

Nanga n'chifukwa chiyani asanu anapambana? Mbali ina ndi nyimbo zenizenizo, zimene msana wake unalidi manoti asanuwa. Mbali ina ndi yakuti kumapeto kwa nthawi ya maufumu olimbana ndi m'nthawi ya Han, anzeru ankakonda kuika chilichonse m'magulu asanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Manoti analowa m'mabokosi omwewo. Jue anapita kum'mawa ndi mtengo ndi nyengo yophukira, zhi kumwera ndi moto, shang kumadzulo ndi chitsulo ndi nyengo yokolola, yu kumpoto ndi madzi ndi chisanu, gong pakati ndi dothi. Lüshi Chunqiu, buku la cha m'ma 239 BC, limapatsa mwezi uliwonse noti yake. Yueji, chigawo cha Liji chonena za nyimbo, chinapita patali: gong ndi mfumu, shang ndi nduna, jue ndi anthu wamba, zhi ndi ntchito za boma, yu ndi katundu. Gong akasokonekera ndiye kuti mfumu yadzikuza. Jue akasokonekera anthu ali ndi madandaulo. Yu akasokonekera nkhokwe zauma. Katswiri womva bwino ankayenera kudziwa thanzi la dziko pongomvera oimba ake.

Mayinawo nawonso anawapezera matanthauzo. Mu Hanshu, mbiri imene Ban Gu analemba m'zaka 100 zoyambirira AD, dzina lililonse likufotokozedwa ndi liwu lina lomveka mofanana nalo: gong ndi zhong, pakati, shang ndi zhang, kuonekera, jue ndi chu, kugunda ngati nyanga kapena mphukira yoboola dothi, zhi ndi zhi wina, dalitso, yu ndi yu wina, denga lophimba. Owerenga tsamba lino akuidziwa njira imeneyi. Ndi ija ya agogo akamafotokoza dzina la mudzi ndi kankhani kokoma kamene kanabwera dzinalo lilipo kale. Imatiuza zambiri za ofotokozawo, za chiyambi cha liwulo ayi.

Manoti ena awiri aja sanathamangitsidwe, anangomanidwa mayina. Ti ankatchedwa biangong, "gong wosinthika", chifukwa ali kiyi mmodzi pansi pa gong. Noti ya kiyi mmodzi pansi pa zhi inali bianzhi. Ali ngati mkamwini pamudzi: amadya nawo, amalima nawo, koma amadziwika ndi dzina la kumene anakwatira. Komabe nkhani yotchuka koposa ya nyimbo m'mbiri yakale ya China ndi ya mkamwini ameneyu. Mu 227 BC, Jing Ke ananyamuka ku Yan kukapha mfumu ya Qin, ulendo woti aliyense ankadziwa kuti sabwerako. Anzake anamuperekeza mpaka pa mtsinje wa Yi atavala zoyera za maliro. Gao Jianli anaimba zhu, chida cha zingwe chomenya ndi kamtengo, ndipo Sima Qian akuti Jing Ke ataimba mu bianzhi onse analira. Atasinthira ku yu, maso anatong'oka ndi ukali. Wolembayo sanaone chifukwa chofotokozera mayina awiriwa. Ankayembekeza kuti owerenga ake awamva m'mutu mwawo.

Tidumphe zaka pafupifupi 800. Mu 568 mwana wamkazi wa mfumu ya Aturuki anakwatiwa ndi Mfumu Wu ya Northern Zhou, ndipo m'gulu lomuperekeza munali woimba pipa wa ku Kucha, mzinda wa pa njira ya malonda ya ku Central Asia. Dzina lake m'mabuku a Chitchaina ndi Suzhipo. Iye ankaimba ndi manoti asanu ndi awiri, iliyonse yokhoza kukhala kwawo kwa nyimbo, ndipo mayina ake anali ochokera ku India. Nduna ina, Zheng Yi, inaphunzira kwa iye n'kuwerengetsa: manoti 7 pa malo 12 akupereka diao 84, pamene asanu aja ankapereka 60. Ufumu wa Sui utayamba, Mfumu Wen inaitanitsa akatswiri mu 582 kuti akonze nyimbo za boma, ndipo anakangana kwa zaka zambiri. Anapambana ndi He Tuo, amene nyimbo sankazidziwa ngati anzakewo koma mfumu ankaidziwa bwino. Anaiuza kuti huangzhong akuimira ukoma wa wolamulira, anaiimbitsira nyimbo mu kiyi ameneyo, mfumu inakondwa, ndipo panalamulidwa kuti nyimbo za mwambo zizikhala za gong wa huangzhong yekha. Diao 84 zinatsala imodzi chifukwa cha kunyengerera. Wan Baochang, woimba waluso amene anali kapolo wa kunyumba yachifumu ndipo anagwira nawo ntchito yonseyi, anafa ndi njala atatentha zolemba zake. Kusinthana kwa gong kunabwerera mu 628, mu ufumu wa Tang, kudzera mwa Zu Xiaosun.

Koma zimenezo zinali nyimbo za pansembe. Kumaphwando a Tang oimba ankagwiritsa ntchito diao 28: zisanu ndi ziwiri za gong, za shang, za jue ndi za yu. Zhi mulibe. Duan Anjie, polemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 800, ananena kuti zhi ngati noti alipo, koma diao yake palibe. Anthu okhulupirira kuti zinthu ziyenera kukhala zisanu sankagona nazo tulo zimenezi. Mfumu Huizong ya Song inakhazikitsa ofesi ya nyimbo ya Dasheng mu 1105, ndipo ofesiyo inapeka nyimbo za zhi ndi za jue kuti mpata utsekedwe. Wolemba ndakatulo Jiang Kui, amene anabadwa cha m'ma 1155, anaziweruza kuti zinali zosakanikira, ndipo anayesa kupeka yake.

Tsono nayi mfundo imene ndikuikonda koposa, chifukwa ndi ya galamala yeniyeni. Dzina la diao linkapangidwa pophatikiza malo ndi udindo: huangzhong shang. Kodi zikutanthauza chiyani? Tiyese m'Chichewa, pokumbukira kuti shang ndi nduna. Wina atalemba kuti "Phiri nduna", mungamve pawiri. Mwina ndi "nduna ya a Phiri": a Phiri ndi mfumu, ndipo tikunena za munthu wina wowatumikira. Mwina ndi "a Phiri ndi nduna": mfumu ndi wina. Kusiyana konse kuli pa timawu tiwiri, "ya" ndi "ndi". Chitchaina chakale chili nato timawu timeneti, zhi ndi wei (zhi ameneyu ndi winanso, si noti ija ayi, pepani), koma olemba ankakonda kutisiya. Ndiye huangzhong shang akhoza kukhala "shang wa huangzhong", pamene gong ali pa huangzhong ndipo nyimbo ikugona pa malo otchedwa taicu. Kapena "huangzhong ndiye shang", pamene nyimbo ikugona pa huangzhong ndipo gong ali pa malo otchedwa wuyi. Pa kiyibodi, huangzhong akakhala C, yoyambayo ndi manoti a C ogona pa D, yachiwiriyo ndi manoti a B flat ogona pa C.

Si nkhani yongoganizira. Mndandanda wa boma wa 754, wosungidwa mu Tang Huiyao, umati huangzhong shang ndi imene oimba amaitcha yuediao, ndipo taicu shang ndi dashidiao. Zhang Yan, wobadwa mu 1248, m'buku lake la Ciyuan akuti huangzhong shang ndi dashidiao, ndipo yuediao ndi wuyi shang. Wowerenga mofulumira angati nyimbo zinasamuka pakati pa Tang ndi Song, kapena kuti mmodzi analakwitsa. Onse akunena zoona. Wa Tang akuwerenga ndi "ndi", wa Song ndi "ya". Ndipo taonani chimene chatithandiza kumasula mfundoyi: mayina a oimba wamba, amene ophunzira ankawalemba m'mbali monyinyirika kuti "otchedwa ndi anthu a masiku ano". Amenewo ndiwo sanagwedezeke. Anawoloka ngakhale nyanja: m'nyimbo za kunyumba yachifumu ya Japan, gagaku, muli ichikotsu-chō ndi taishiki-chō mpaka lero.

Ndinati tizifuna nkhani ya yin ija. Chitchaina, monga Chichewa, chimasiyanitsa mawu ndi kamvekedwe; mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi khutu, ngakhale sitilemba. Akatswiri oyamba a ku China atafuna kukamba za kamvekedwe ka chinenero chawo, analibe mawu ake, ndiye anakabwereka kwa oimba. Li Deng, wa m'zaka za m'ma 200, anasanja dikishonale yake ya Shenglei potsata mawu asanuwa. Lü Jing anagawa Yunji yake m'mipukutu isanu: gong, shang, jue, zhi, yu. Mabuku onse awiri anatayika. Kenaka Shen Yue, amene anakhala ndi moyo kuyambira 441 mpaka 513, ndi anzake anaonetsa kuti makwerero a mawu oyankhula ndi anayi: ping, shang, qu ndi ru. Shang ameneyu ndi chilembo china, 上, chotanthauza kukwera. Anayi, osati asanu, ndipo zinavuta kuzilandira. Mfumu Wu ya Liang inafunsa nduna yake Zhou She kuti anayiwo ndi chiyani. Ndunayo inayankha ndi timawu tinayi totamanda mfumu, kalikonse ndi kamvekedwe kake. Mfumu inamva, koma sinazitsatire. Duan Anjie uja anayesa kugwirizanitsa mbali ziwirizi popatsa gulu lililonse la diao 28 kamvekedwe kamodzi ka chinenero, ndipo kusowa kwa zhi kunamuthandiza kuti masamu akwane.

Mayinawo atalephera pa kukwera ndi kutsika kwa mawu, anawapezera ntchito ina: malo a m'kamwa. Zheng Qiao, mu Tongzhi ya 1161, anagawa makonsonanti m'magulu asanu ndi awiri: a pamilomo ndi yu, a lilime ndi zhi, a kuseri kwa lilime ndi jue, a mano ndi shang, a pakhosi ndi gong, kuonjezapo "theka la zhi" ndi "theka la shang". Ku Korea, buku la 1446 lofotokoza zilembo zatsopano za Mfumu Sejong linachitanso chimodzimodzi, kungoti linatembenuza awiri: milomo ndi gong, khosi ndi yu. Palibe p kapena h amene amamveka ngati do. Apa mayinawo anali atasanduka zikwangwani chabe za mabokosi asanu.

Oimba enieni anali atasiya kale kuwagwiritsa ntchito pophunzitsana. Kuyambira nthawi ya Song anali ndi kalembedwe kawo, gongche, ka zilembo zosavuta: he, si, yi, shang, che, gong, fan, liu, wu. Mwaona kale vuto, eti? Muli shang ndi gong, koma ndi zilembo zina, 上 ndi 工. M'kawerengedwe kofala ka zisudzo za kunqu, shang wa gongche ndi do, kutanthauza gong wakale, ndipo gong wa gongche ndi mi, kutanthauza jue wakale. Wophunzira akamva "gong" ayenera kuyamba wadziwa ngati akuyankhula ndi woimba chitoliro kapena ndi munthu wa mabuku.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera jianpu, kalembedwe ka manambala kochokera ku France kudzera ku Japan, ndipo ana asukulu anayamba kuona 1 2 3 5 6 n'kumaimba do re mi so la. Mayina akale aja anabwerera m'kalasi kudzera m'mabuku ophunzitsira, makamaka la Li Yinghai la 1959 lonena za diao za anthu a mtundu wa Han ndi kaphatikizidwe ka manoti ake. Pofuna kupeputsa katundu wa diao, akatswiri amakono amagwiritsa ntchito liwu loti diaoshi ponena za kwawo kwa nyimbo kokha, ndipo dzina lonse amalilemba motere: noti yogonapo, kenaka udindo wake. "D shang" ndiye kuti D ndi shang. Pa mkangano wa "ya" ndi "ndi", asankha "ndi", mbali ya Tang. Mndandanda waukhondo wa diaoshi zisanu umene umapezeka pa intaneti pansi pa mutu wa nyimbo zakale za ku China ndi wa nthawi imeneyi, ngakhale mayina ake ali a pa mabelu a Yi. Ndipo pamasamba ambiri otere mupeza wachinayiyo atalembedwa 征, chilembo chimene kachenjezo ka 1964 kanaletsa.